Anyamata a zamagetsi, yang'anani chingwe chofiira musanagunde waya

Ana inu amene mwalowa ntchito ya magetsi muno mu Lilongwe, ndikulankhula ndi inu, kaya mumayika sola m'nyumba za ku Area 25, kaya mumakonza ma TV ndi mawayilesi ku Kawale ndi ku Biwi. Mmene mukugwirira multimeter, mita ija yoyezera ma volt, ma amp ndi ma ohm, sizikundisangalatsa. Mukuotcha mamita mwezi ndi mwezi, kenako n'kumanena kuti katundu wa masiku ano ndi wosalimba. Wosalimba alipodi, koma mamita ambiri akufa ndi phuma lanu, ndipo tsiku lina phuma lomwelo lidzakutengerani zala kapena maso.

Nkhani yaikulu ili pa chingwe chofiira. Chakuda malo ake ndi pa COM nthawi zonse. Chofiira chimakhala pa bowo lolembedwa V mukamayeza ma volt, ndipo chimasamukira pa 10A kapena mA pokhapokha mukafuna kuyeza ma amp. Inu mumayeza ma amp a panelo m'mawa, n'kuiwala kubweza chingwecho, masana n'kukachipisa mu soketi ya pakhoma. Kodi mukudziwa zimene zili mkatimo? Pakati pa COM ndi 10A pali kawaya kokhuthala kamene kamangolola magetsi kudutsa. Ndiye kuti mwalumikiza waya wa moto ndi nyutrali ndi manja anuanu, pa 230V za ESCOM. Mukakhala ndi mwayi, fyuzi ya mita imapsa nkhani n'kuthera pomwepo. Koma timamita totchipa tambiri tilibe fyuzi pa bowo limenelo, ndipo opanga ake amachita kulembapo kuti UNFUSED. Pamenepo moto umathethekera kumaso kwanu. Batire ya 12V nayo musaipeputse. Ikachita shoti imatulutsa ma amp mazanamazana, zingwe n'kusungunukira m'manja.

Ma volt mumayeza pogunda mbali ziwiri, zinthu zili zolumikizidwa mmene zilili. Ma amp sayezedwa choncho. Muzimitse kaye, mumasule waya umodzi, mita ilowe pakati kuti magetsi adutsemo popita ku chinthu chimene chikuwagwiritsa ntchito. Ngakhale pamenepo, werengani zimene zalembedwa pambali pa bowo la 10A, chifukwa mamita ambiri amalola masekondi 10 kapena 15 okha. Ngati ndi ma amp ambiri, ngati a invata kapena mota ya chigayo, bwerekani clamp meter, mita yongozinga waya popanda kuumasula.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi ichi: fyuzi ikapsa, mnyamata amatsegula mita n'kukulungapo kawaya ka kopa kapena kapepala konyezimira ka m'paketi ya ndudu. Fyuziyo inapsa kuti inu musapse. Mukaichotsa ntchito, ulendo wotsatira adzakutetezani ndani? Gulani ina yofanana ndi yakaleyo pa ma amp ndi pa ma volt omwe. Ikasowa, mitayo ingoyeza ma volt basi mpaka mutaipeza.

Tsopano za ma ohm ndi koyezera ngati waya sanaduke, kaja kolira kuti "tii". Poyeza zimenezi mita imagwiritsa ntchito batire yake ya mkati, choncho siifuna kukumana ndi magetsi ena alionse. Inu magetsi akazima m'dera mumati mpata wapezeka, n'kuyamba kuyeza mawaya a m'nyumba osatsitsa main switch. Magetsi akamabwera sagogoda. Komanso nyumba zambiri masiku ano zili ndi invata kapena jenereta, waya umene mukuti ndi wakufa uli ndi moto. Tsitsani switch, muzimitse invata, kenako muyeze ma volt kaye kuti mutsimikize. Mitayo muyambe mwaiyesa pamalo pamene mukudziwa kuti pali magetsi, kuti ziro amene akuonetsayo akhale woona. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ana anga.

Ziro wabodza amabweranso mukasokoneza AC ndi DC. Mukaika mita pa DC n'kugunda soketi yamoyo, nambala imakhala pafupi ndi ziro, inu n'kugwira waya ndi dzanja. Za pakhoma ndi AC, chizindikiro chake n'kamzere kokhotakhota. Za batire ndi panelo ndi DC. Ngati mita yanu ndi yochita kusankha wekha mlingo, yambirani pa nambala yaikulu, 600 kapena 750, muzitsika pang'onopang'ono, ndipo musazunguze nobu nsonga za zingwe zili pa waya wa moto.

Okonza ma TV ndi ma invata, kumbukirani kapasita, kachipangizo kosunga magetsi. Yaikulu ija ya kumene kumalowera magetsi imatha kusunga ma volt oposa 300 pulagi itazulidwa kale. Ikhuthuleni kudzera pa resistor musanayeze. Ya mu microwave imafika cha m'ma 2,000V, pamene mita yanu imalekezera pa 600V kapena 1,000V. Osayerekeza n'komwe.

Inu mabwana amene muli ndi ma shopu ndi anyamata ophunzira ntchito, mlandu wina ndi wanu. Mumatuma mwana ku DB board, bokosi logawa magetsi m'nyumba, kapena ku three phase ya 400V atanyamula kamita koyenera mafoni. Pa mita pamalembedwa CAT, kusonyeza malo amene mitayo ingayezepo popanda ngozi. CAT II ndi ya zinthu zolumikiza pa soketi. Pa board pamafunika CAT III. Muoneninso zingwe zake. Zikang'ambika kapena kumangidwa ndi tepi, mugulireni zina asanatuluke pakhomo. Chizindikiro cha batire chikayamba kuoneka pagalasi, sinthani batireyo tsiku lomwelo, chifukwa ikafooka mita imapereka manambala olakwika. Ndipo mvula ikayamba, musalole mwana kukwera padenga kukayeza mapanelo olumikizidwa mndandanda manja ali onyowa, poti pamenepo DC imatha kufika ma volt mazana angapo dzuwa likangotuluka.