Mass Effect 2 inaposa yoyamba, koma si zonse zimene inataya zinali zoyenera kutayidwa

Kwa zaka zambiri okonda magemu akhala akutsutsana ngati Mass Effect 2 inaposadi gemu imene inaitsogolera kapena inangoivula zinthu zimene zinaichititsa kutchedwa RPG, mtundu wa gemu imene wosewera amavala umunthu wa wina n'kumamusankhira zochita ndi maluso. Posachedwapa ndaseweranso magemu awiriwa motsatizana, ndipo ndikufuna kunena pamene ndaima. Amene simunawasewere ndipo simufuna kudziwiratu mathero ake, ndi bwino kuti mulekere pomwe pano, chifukwa nditchula za anthu amene amafa ndi zinsinsi zikuluzikulu za nkhaniyi.

Mass Effect yoyamba inatuluka mu Novembala 2007 pa Xbox 360, ndipo inafika pa kompyuta chaka chotsatira. Yachiwiri inatuluka mu Januwale 2010. Onse awiri anapangidwa ndi kampani ya BioWare ya mumzinda wa Edmonton ku Canada, motsogozedwa ndi Casey Hudson, ndipo pakati pa magemu awiriwa kampaniyi inagulidwa ndi Electronic Arts. Panangodutsa zaka ziwiri ndi miyezi iwiri, koma munthu akamaliza yoyamba n'kuyatsa yachiwiri tsiku lomwelo, manja ake amazindikira kusiyanako maso asanaone chilichonse. Shepard, msilikali amene wosewera amamuyendetsa, mu gemu yoyamba amayenda molemera, amamatirira pakhoma pamene iwe sunafune, ndipo mfuti yake imaphonya ngakhale waloza bwino, chifukwa kulondola kwake kumadalira mapointi amene waika pa luso logwiritsa ntchito mfutiyo. Mu yachiwiri chipolopolo chimapita kumene waloza, ndipo ukawombera mwendo wa loboti, mwendowo umaduka, lobotiyo n'kuyamba kukwawa.

Pa nkhani ya kumenyana palibe mtsutso weniweni, ndipo sinditayapo nthawi. Chimene anthu amakangana ndi njira imene BioWare inatsata pothana ndi madandaulo a osewera. Pafupifupi paliponse pamene anthu anadandaula, kampaniyi sinakonze chinthucho koma inachichotseratu.

Pali malo ena pamene kuchotsako kunali kwanzeru. Mu gemu yoyamba, monga inatulukira poyamba, wosewera ankatha kunyamula zinthu zosapitirira 150, ndipo mdani aliyense wakufa komanso bokosi lililonse lotsegulidwa linkawonjezera mfuti, zovala zankhondo ndi tizipangizo towonjezera mphamvu, zambiri mwa izo zofanana kusiyana nambala yokha kumapeto kwa dzina. Ndimakumbukira nditakhala nthawi yaitali ndikutsika ndi mndandanda wosatha, ndikusungunula chinthu chimodzichimodzi kuti chikhale omni-gel, phala lokonzera zinthu ndi kutsegulira maloko, pamene nkhani inali kundiuza kuti mlalang'amba wonse uli pangozi ndipo ndifulumire. Amene amati kumeneko kunali kuya kwa gemu, ine sindigwirizana nawo, pakuti pamapeto pake aliyense ankagula mfuti za ma Spectre, asilikali apadera onga Shepard, n'kuiwala zina zonse. Mass Effect 2 inachotsa thumba lonselo n'kusiya mfuti zochepa zimene iliyonse ili ndi khalidwe lakelake. Maluso nawonso anachepetsedwa kuchoka pa masitepe 12 kufika pa anayi, ndipo pa sitepe yachinayi umasankha njira imodzi mwa ziwiri. Ndikuvomereza kuti apa anadula mopitirira pang'ono, koma chimene chinatayika chinali manambala ambiri amene aliyense payekha sankasintha kanthu kooneka.

Za zipolopolo ndi nkhani ina. Mfuti za mu gemu yoyamba sizinkatha zipolopolo, zinkangotentha ukaziwombera mosalekeza, ndipo olemba anafotokoza bwino lomwe mmene zimenezi zimachitikira. Mu yachiwiri anabweretsa timachubu tomwa kutentha timene amatitcha thermal clips, timene kunena zoona ndi zipolopolo zovala dzina lina. Pa kaseweredwe zinathandiza, chifukwa zimakukakamiza kutuluka pobisala ndi kusinthasintha mfuti. Pa nkhani yake zinasokoneza, ndipo umaziona bwino ukapita ndi Jacob, mmodzi wa anzako a m'chombo, kukafunafuna bambo ake pa pulaneti imene chombo chawo chinagwera zaka 10 m'mbuyomo, n'kupeza timachubu tomweti tili mbwee pansi, pamene tikuuzidwa kuti tinayamba kugwiritsidwa ntchito m'zaka ziwiri zimene Shepard anali chigonere atafa kumayambiriro kwa gemu yachiwiri.

Kumene mtima wanga umawawa ndi kwa Mako, galimoto yankhondo ya matayala asanu ndi limodzi imene anthu ambiri ankaida. Sindikana kuti inkadumphadumpha ngati mpira, ndiponso kuti mapulaneti ambiri anali mapiri osongoka opanda kanthu, okhala ndi nyumba za mitundu itatu yokha zimene mkati mwake ankangosuntha mabokosi. Komabe Mako inkachita ntchito imene palibe china chinaigwira itachotsedwa. Inkakutsitsa pa dziko limene palibe munthu anapondapo, pansi pa thambo lofiira kapena pafupi ndi pulaneti yaikulu yodzaza theka la kumwamba, n'kukusiya wekha ndi phokoso la injini ndi mphepo. Pali ntchito ina yaing'ono imene imakutumiza ku mwezi wathu womwe uno, ndipo ukaimitsa galimotoyo pamwamba pa chitunda n'kutembenuza kamera, umaona dziko lapansi lili phee m'mwamba mwakuda. Palibe amene amakuuza kuti uyang'ane, ndipo palibe mphotho imene umalandira. Apo m'pamene ndinamva koyamba kuti mlalang'amba wa gemuyi ndi waukuludi.

M'malo mwa zimenezi Mass Effect 2 inatipatsa ntchito yoyendetsa kachizindikiro pang'onopang'ono pa chithunzi cha pulaneti, kudikira kuti mzere ukwere, n'kuponya kachipangizo kokumba iridium, platinum, palladium kapena element zero. Ngati Mako inali yotopetsa, iyi ndi yogonetsa tulo, ndipo choipa kwambiri n'chakuti suingailambalale, popeza miyala imeneyi ndi imene imalipirira zolimbitsa chombo zimene zimapulumutsa miyoyo kumapeto. Zikepe za ku Citadel, mzinda wa m'mlengalenga umene ndi likulu la mitundu ya mu mlalang'amba, nazonso zinapita. Zinali zochedwa chifukwa zinkabisa nthawi imene gemu inali kutsegula malo atsopano, koma m'menemo ndi mmene anzako monga Garrus, Tali ndi Wrex ankayankhulana zawozawo, ndiponso wailesi inkalengeza zimene iwe wangochita kumene. Citadel ya mu gemu yachiwiri inasanduka nsanjika zochepa za masitolo, ndipo ntchito iliyonse imatha ndi chikwangwani chokuwerengera zimene wapeza, ngati lipoti la kumapeto kwa teremu.

Tikafika pa nkhani yaikulu, yoyamba imapambana mosakayikitsa. Imayamba ngati kusaka munthu mmodzi, Saren, kenako imafutukuka pang'onopang'ono mpaka pa pulaneti ya Virmire pamene umayankhulana ndi Sovereign n'kuzindikira kuti chimene unkachiyesa chombo cha Saren ndi chamoyo, ndipo Sarenyo ndi kapolo wake chabe. Pa pulaneti ya Ilos, kompyuta yakale yotchedwa Vigil imakufotokozera mmene mtundu wakale wa a Prothean unatheratu zaka pafupifupi 50,000 zapitazo, ndiponso kuti Citadel, malo amene mitundu yonse imawadalira, ndi msampha. Nkhani yaikulu ya Mass Effect 2 ilibe mphamvu yotere. Zolengedwa zotchedwa a Collector zimaba anthu m'midzi yakutali, iwe umazilondola, ndipo kumapeto umamenyana ndi chimphona chooneka ngati chigoba cha munthu chimene mpaka lero sindinachimvetse. Gemu ikamatha, a Reaper, makina amoyo a mtundu wa Sovereign amene anatha a Prothean, amakhala akubwerabe monga mmene zinalili pamene inkayamba, ndipo ntchito yonse yothana nawo inasiyidwira gemu yachitatu ya mu 2012, imene inalemedwa nayo mooneka.

Chinanso chimene chimandinyong'onya ndi Cerberus. Mu gemu yoyamba gulu limeneli linali la zigawenga zimene zinapha Admiral Kahoku ndi kuchita zoyesayesa zankhanza pa anthu. Ngati Shepard wako unamusankhira mbiri yakuti ndi yekhayo amene anapulumuka pa Akuze, umatulukira kuti Cerberus ndi imene inali kumbuyo kwa imfa ya anzake onse. Mu yachiwiri gulu lomweli limamuukitsa patatha zaka ziwiri, kumupatsa chombo chatsopano cha Normandy, ndipo iye amagwira nalo ntchito popanda mwayi weniweni wokana kapena wofunsa bwinobwino za Akuze. Mawu a Martin Sheen monga Illusive Man, mtsogoleri wa Cerberus, ndi okoma kumva, koma sakwanira kuphimba dzenje limenelo. Ukakumana ndi Ashley kapena Kaidan, anzako a mu gemu yoyamba, pa Horizon n'kuyamba kukudzudzula kuti wagulitsa anzako, mayankho amene gemu imakupatsa ndi ofooka moti umangomva kuti mnzakoyo akunena zoona.

Nanga n'chifukwa chiyani ndikunenabe kuti yachiwiri inaposa? Chifukwa BioWare inasamutsa mtima wa gemuyi kuuchotsa pa manambala ndi pa mapu n'kuuika mwa anthu amene uli nawo m'chombo, ndipo kumeneko inachita zimene yoyamba sinayandikire n'komwe. Yoyamba inali ndi anzako asanu ndi mmodzi, ndipo ena mwa iwo, makamaka Tali, ankagwira ntchito ya mphunzitsi wokufotokozera mbiri ya mtundu wawo. Yachiwiri ili ndi anzako 10, kapena 12 ukawerengera Zaeed ndi Kasumi amene anawonjezeredwa padera, ndipo aliyense ali ndi ulendo wake umene umakhudza bala limene wakhala akulibisa.

Wa Mordin Solus ndi umene umandikhalabe m'mutu. Iye ndi dokotala woyankhula mothamanga, woseketsa, amene anathandiza kukonzanso genophage, matenda amene amachititsa kuti ana ambiri a mtundu wa krogan asabadwe amoyo. Kwa nthawi yonse amakuuza ndi chidaliro kuti anawerengera bwino ndipo panalibe njira ina. Ndiye pa Tuchanka, kwawo kwa a krogan, mumapeza mtembo wa mkazi wa mtundu wa krogan amene anadzipereka yekha kuti amuyeserepo mankhwala, pofuna kuti mtundu wake uyambenso kubereka. Mordin amaima pambali pa mtembowo, liwiro la mawu ake limatsika, ndipo ngakhale amapitiriza kudziteteza, umamva kuti iye mwini wasiya kukhulupirira theka la zimene akunena. Pamapeto pake uyenera kusankha ngati usunge zotsatira za kafukufuku wankhanza wa Maelon, amene anali wophunzira wake, kapena uzifafanize. Ngati kusewera RPG ndi kuvala umunthu wa wina n'kusankha zimene iye angasankhe, ndiye kuti mphindi imeneyo ili ndi RPG yochuluka kuposa mfuti 150 zija zitaphatikizidwa.

Ulendo womaliza, wodutsa pa Omega 4, chipata cha m'mlengalenga chopitira kwa a Collector, ndi umene umamanga zonsezi pamodzi. Ngati sunalimbitse zitsulo za chombo, chishango chake ndi mizinga yake, munthu amafa pa chilichonse chimene unanyalanyaza musanatere n'komwe. Ukafika uyenera kusankha wolowa m'mapaipi, wotsogolera gulu lachiwiri, ndi woteteza gulu lako ku dzombe la adani, ndipo gemu sikuuza yankho, imangoyembekezera kuti unkamvetsera pamene anthuwa ankakuuza za iwo eni. Ulendo wanga woyamba ndinakhulupirira Miranda atanena kuti aliyense wa mphamvu za biotic, zosuntha zinthu ndi maganizo, angathe kugwira chotchinga choteteza gululo, ndipo ndinamupatsa iyeyo ntchitoyo m'malo mwa Samara kapena Jack. Titatsala pang'ono kufika pachitseko mphamvu zinamuthera, dzombe lija linalowa n'kumunyamula Thane ine ndikuona. Pa Virmire, mu gemu yoyamba, unkadziwa kuti mmodzi mwa Ashley ndi Kaidan afa zivute zitani, ndipo mlandu unali wa olemba. Apa mlandu unali wanga ndekha, ndipo ndinakhala kanthawi ndikulimbana ndi maganizo obwerera pamene ndinasungira, koma sindinatero.

Pali banga limodzi m'mbali imeneyi limene sindingalibise. Gemu yachiwiri imalanga munthu amene amasankha molingana ndi nkhani iliyonse payokha. Kuti uthetse mkangano wa Miranda ndi Jack, kapena wa Tali ndi Legion, popanda kutaya kukhulupirika kwa mmodzi, uyenera kukhala utatsamira kwambiri mbali imodzi, ya Paragon (yachifundo) kapena ya Renegade (youma mtima). Zotsatira zake n'zakuti ambiri amasiya kuganiza n'kumangokankhira ndodo m'mwamba kapena pansi pa funso lililonse. Mu gemu yoyamba luso lonyengerera kapena loopseza unkaligula ndi mapointi, ndipo zimenezo zinkasiya mpata wokulirapo woti Shepard wako akhale wachifundo lero ndi wouma mtima mawa.

Kwa amene amandifunsa ngati angayambire pa yachiwiri, yankho langa ndi lakuti ayi, makamaka tsopano pamene Legendary Edition ya mu Meyi 2021, imene inatulutsanso magemu atatuwa pamodzi, inakonza kawomberedwe ndi kayendedwe ka Mako mu yoyamba. Zinthu zabwino kwambiri za Mass Effect 2 zimabwereka mphamvu ku gemu imene inaitsogolera. Garrus akavula chisoti chake pa Omega, chimwemwe chimene umamva chinapangidwa ndi maola aja a m'zikepe. Ukafika pa Tuchanka n'kupeza Wrex atakhala pampando wa ufumu wa fuko la Urdnot, akukankha anzake kuti adzakugwire dzanja, umakumbukira gombe la Virmire pamene munalozana mfuti. Amene anamuwombera tsiku limenelo, kapena amene sanasewereko yoyamba, amapeza m'bale wake Wreav atakhala pampando womwewo, ndipo Wreav sadzuka n'komwe.