Nkhani ya mafumu afunsidwe eni dziko

Ndakwiya kwambiri ndi zomwe ndamva dzulo pa wailesi ina. Bambo wina wa kuno ku Kasungu anaimba foni kunena kuti Amalawi afunsidwe ngati akufuna kuti mafumu abwezeredwe mpando mu ulamuliro wa dziko, koma woulutsa mawu anawadula pakamwa n'kunena kuti zimenezo ndi zachikale. Kodi iyeyo ndi ndani kuti ayankhire mtundu wonse? Eni ake funsoli ndi anthu ovota, ndipo ovotawo sanafunsidwepo.

Pa 14 June 1993 tinafunsidwa pa referendamu ngati tikufuna chipani chimodzi kapena zipani zambiri, ndipo ngakhale ambiri kuno kwawo kwa Kamuzu Banda anavotera tambala wakuda, chizindikiro cha chipani chimodzi, n'kugonja, anavomereza chifukwa anali atapatsidwa mwayi wolankhula. Chaka chomwecho dziko la Brazil linafunsa anthu ake ngati akufuna kubwezeretsa ufumu, iwo anakana, nkhani inathera pomwepo. Nako ku Uganda, ufumu wa Buganda womwe Pulezidenti Obote anauthetsa mu 1967 unabwezeretsedwa, Kabaka Mutebi II n'kulongedwa mu July 1993. Nanga ife? Malamulo athu a 1994 anali ndi nyumba yachiwiri yotchedwa Senate, momwe mukanakhala mfumu imodzi kuchokera m'boma lililonse, koma aphungu anaifafaniza mu 2001 isanakumanepo n'kamodzi komwe, ati inali yodya ndalama. Sanatifunse.

Ena amaopa kuti tingafanane ndi Eswatini komwe Mswati III ali ndi mphamvu zonse, pomwe ena amasirira Lesotho komwe Letsie III ndi mfumu koma boma limayendetsedwa ndi anthu osankhidwa. Onsewa akanene maganizo awo m'bokosi la mavoti, chifukwa wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Amene amapita kubwalo la agulupu kukadandaula za malire a munda ndiye akudziwa ngati ufumu uli ndi phindu kapena ayi, ndipo munthu ameneyo afunsidwe. Akakana, akane yekha.

Chondinyansa china n'chakuti andale omwewa amene safuna kumva za mphamvu za mafumu ndi amene amathamangira ku Mkaika m'dziko la Zambia mwezi wa August kukaonekera pamaso pa Kalonga Gawa Undi, mfumu yaikulu ya Achewa, ndipo chisankho chikayandikira amakweza mafumu maudindo n'kuwaimika pamisonkhano kuti azitamanda chipani, mswahala wawo uli wochedwa.