Njuga ndi njuga, kaya muitchule m'Chingerezi

Lero ndiyankhula, amene akwiye akwiye. Loweruka alamu anga anagulitsa mbuzi ziwiri kuti alipire fizi ya mwana wawo wa Fomu 2. Madzulo ake anafika pakhomo chimanjamanja. Ndinawafunsa kuti alamu, ndalama ija ili kuti? Iwo osachita ndi manyazi omwe, akuti, "Mlamu, inali bad beat." Bad beat! Ati kudyedwa mwatsoka pa njuga ya makadi, chonsecho unali ndi makadi abwino. Bambo wamkulu, imvi mbuu kumutu, wakulira ku Ngabu konkuno. Mbuzi ziwiri zathera pa njuga, iye akuti bad beat.

Lamulungu ndinapita kukadzionera ndekha. Kuseri kwa golosale ina pa Nchalo, pansi pa mtengo wa nimu, anthu asanu ndi mmodzi azungulira kathebulo, thukuta lili kamukamu. Mwini masewero ndi kamnyamata kobwera ku Joni, kachipewa kotembenuza. Akuti iyi si njuga, iyi ndi poker. Zitsekerero za mabotolo a Fanta aunjika pakati, akuti ndi ma chips, mulu wakewo ndi pot. Aliyense amugawira makadi awiri, kenako asanu amayalidwa poyera: atatu oyamba akuti flop, lachinayi turn, lomaliza river. Dzina lokhalo ndiye ndagwirizana nalo. Ife a kuchigwa kuno river timaidziwa, mu 2023 nthawi ya Freddy tinaona mmene madzi amakokolera mbuzi ndi nkhokwe zomwe. River ya pathebulo paja ntchito yake ndi yomweyo.

Tamverani mawu enawo. Kuwonjezera ndalama akuti raise. Kuponya ndalama zofanana ndi za mnzako, kumulondola kuphompho, akuti call. Kugonja akuti fold. Kunama maso ali gwa akuti bluff, ndipo amawomberana m'manja! Kwathu kuno wabodza ndi wabodza. Munthu akadyedwa n'kupsa mtima, n'kuyamba kuponya ndalama mwamisala, akuti ali pa tilt. Ndiye pali lija limene linamaliza alamu anga: all in. Akuti analinena ataimirira, chifuwa patsogolo, anyamata n'kukuwa. Tanenani m'Chichewa timve. "Ndaika fizi yonse ya mwana wanga." Mukhoza kunena zimenezo mokweza pagulu? Simungathe. N'chifukwa chake mumabisala m'Chingerezi.

Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Chimene chandiwawa kwambiri ndi ichi. Ndili chiimire ndinamva kamnyamata kaja kakunong'oneza mnzake kuti, "Fish wadzulo uja abweranso?" Alamu anga dzinali amalidziwa, ndipo amalikonda, amaseka akamawaitana choncho. Iwo amayesa ndi ulemu poti bambo awo anali msodzi wodziwika ku Elephant Marsh. Mwana wanga anandifufuzira pa foni: fish ndi munthu wosadziwa kusewera, amene anzake amamudyera. Wodyayo ndiye shark. Ndiye kuti bambo wa ana anayi akutukwanidwa pamaso, iye n'kumavomera kuti wawa. Akanawauza m'Chichewa kapena m'Chisena kuti inu ndinu mlamba wathu wa lero, bwenzi atagubuduza thebulo lija. Koma poti ndi Chingerezi, akumwetulira.

Musandiuze za umphawi, ndikudziwa ntchito zikusowa. Nkhani yanga ndi ya mayinawa. Njuga ya makadi siinabwere dzulo, agogo athu ankaidziwa, ndipo wanjuga ankabisala kutchire poopa kuti apongozi angamuone. Wodyedwa ankalowa m'nyumba mwakachetechete usiku. Lero mwaiveka jekete, mwaipatsa dzina la kunja, ikuseweredwa masana dzuwa likuswa mtengo, ndipo wodyedwa akubwera ndi mawu atsopano oti atiphunzitse. Mbava mukaitchula bwana siisiya kuba. Makadi ake ndi omwe aja 52, kulira kwa mayi kunyumba ndi komwe kuja. Kaya muti poker, kaya muti Texas Hold'em, ku Texas komweko alamu anga sakudziwa n'komwe kuti kuli mbali iti. Ndi njuga. Njuga basi.

Ndipo vutoli tili nalo ponseponse, chilichonse chikangonenedwa m'Chingerezi timachigwadira. Katapira lero akuti loan ya pa foni. Ana a sukulu atsamira pa kauntala tsiku lonse akuti tikupanga multibet, kubetcha pa masewero angapo a mpira nthawi imodzi, ndalama ya makope itapita kale. Mwezi ukatha odula nzimbe akalandira, taimani pa Nchalo muone mmene mathebulo aja amachulukira.

Nanunso eni golosale, mpando mumabwereketsa, magetsi mumayatsa mpaka 2 koloko usiku, mukuti simukudziwa chimene chikuchitika kuseri kwanu? Mwana wa alamu anga uja Lolemba amubweza kusukulu. Achemwali anga ndi amene akuyenda khomo ndi khomo kufuna ngongole.