Kunkhalango musalowe ndi changu

Anzanga, pali chinthu chimene ndakhala ndikufuna kuti tikambirane. Anthu ambiri akamva kuti kukhala pakati pa mitengo kumathandiza thupi ndi maganizo, amakutenga ngati ntchito ina yoti aigwire n'kuimaliza msanga. Amalowa m'nkhalango mwandawala, foni kumanja, nyimbo zikulira m'makutu, maso akusakasaka malo abwino ojambulirapo chithunzi. Potuluka thukuta lili kamukamu, koma mutu udakali wodzaza monga mmene analowera. Munthu wotere walimbitsa thupi, ndipo n'zabwino ndithu, koma mpumulo umene nkhalango imapereka wausiya komweko.

Ku Japan nkhaniyi anaiika pa mlingo wa boma mu 1982, pamene bungwe loona za nkhalango m'dzikolo linayamba kulimbikitsa anthu zimene amazitcha shinrin-yoku. Sankauza anthu kuti akakwere mapiri kapena akathamange. Ankati pitani mukakhale pakati pa mitengo, mupume mpweya wake, muyende pang'onopang'ono. Pambuyo pake akatswiri, mmodzi mwa iwo Yoshifumi Miyazaki wa pa yunivesite ya Chiba, anayesa anthu 280 m'nkhalango 24, ndipo zotsatira zake zinasindikizidwa mu 2010. Poyerekeza ndi pamene anali m'tauni, anthuwo akakhala m'nkhalango homoni ya cortisol, imene imakwera munthu akapanikizika, inkatsika, mtima unkagunda modekha, kuthamanga kwa magazi kunkatsika. Chimene chimandigwira mtima n'chakuti anthuwa sanachite chachikulu chilichonse. Ankayenda kwa mphindi pafupifupi 15, n'kukhala pansi mphindi zina ngati zomwezo akungoyang'ana mitengo. Basi.

Chifukwa chake sichovuta kumvetsa. Rachel ndi Stephen Kaplan, a pa yunivesite ya Michigan, anafotokoza kuti maganizo athu amatopa ndi kukakamizidwa. Tsiku lonse umadziumiriza kuti maso akhale pa kompyuta, makutu pa amene akukulankhula, nzeru pa galimoto imene ikubwera kutsogolo, ndipo china chilichonse uyenera kuchikankhira kumbali. Kudziumiriza kumeneko ndiye kumatha mphamvu, n'chifukwa chake madzulo munthu umapsa mtima ndi kanthu kakang'onong'ono. M'nkhalango mulibe chokukakamiza. Tsamba likugwa mozungulira, maso amalitsatira okha mpaka litafika pansi, ndipo mbali ija ya maganizo imene imagwira ntchito tsiku lonse imapezako mpata wopuma. Tsono ukatulutsa foni n'kuyamba kuyankha mauthenga uli pansi pa mtengo, waibwezeranso pa goli.

Ine ndikalowa, ndimadziwa kuti mphindi zoyambirira sizikhala zokoma. Mutu umapitiriza kulongolola za ngongole, za mawu amene wina anandiyankha, za ntchito yamawa. Anthu ambiri amagonja pamenepa n'kunena kuti zimenezi si za iwo. Musagonje, khalani pansi kaye. Ikani dzanja pa khungwa la mtengo, muone kuti mbali ya kumthunzi ndi yozizira ndi yonyowa pamene ya kudzuwa ndi yofunda. Yang'anani mzere wa nyerere ukukwera, ina itanyamula kachidutswa kokulira kuposa iyo, ikugwetsa, ikutolanso. Pakapita kanthawi mumayamba kumva kuti mbalame si imodzi ayi, ina ili pafupi, ina ikuyankhira kutali, ndipo mphepo imayamba kumveka kunsonga isanakufikeni pankhope. Mapewa amatsika okha musanawauze. Izi sizichitika munthu akuthamanga.

Ena anena kuti nthawi ndiye ilibe, komanso nkhalango ili kutali. Ndikuwamvetsa, koma zimene zikufunika si zambiri monga mmene timaganizira. Kafukufuku wa mu 2019 wa akatswiri a pa yunivesite ya Exeter, pa anthu pafupifupi 20,000 ku England, anapeza kuti amene ankakhala m'malo a chilengedwe kwa mphindi 120 pa sabata ankanena kawirikawiri kuti thanzi lawo lili bwino, kaya mphindizo azikwanitsa ulendo umodzi kaya mozigawagawa. Ndipo kale mu 1984, katswiri wina dzina lake Roger Ulrich anaonetsa kuti odwala amene anachitidwa opaleshoni ya ndulu pa chipatala china ku Pennsylvania ankatuluka msangako, komanso ankafuna mankhwala amphamvu opha ululu ochepa, ngati zenera lawo linkayang'ana kumitengo m'malo moyang'ana khoma la njerwa. Ngati mitengo ya pazenera inathandiza chotere, kathengo kakang'ono kamene kali pafupi nanu musakapeputse. N'chifukwa chake zimandipweteka ndikaona mitengo ikudulidwa pafupi ndi kumene anthu amakhala, ngati kuti ntchito yake inali kukongoletsa chabe.

Chimodzi chokha ndichenjeze, chifukwa alipo amene amakokomeza mpaka kusocheretsa anzawo. Nkhalango si chipatala. Amene mukumwa mankhwala a kuthamanga kwa magazi pitirizani kumwa, ndipo amene nkhawa yakupanikizani mpaka tulo sitikubwera, kaonaneni ndi adokotala, kenako mupite kumitengoko. Mukamapita uzani wina kumene mwalowera, foni muitenge kuti ikuthandizeni pa ngozi, koma ikhale m'thumba mutaizimitsa kulira.