Njinga za ku Chipata nazo zikhale pa msonkhano

Ndimakhala ku Nabvutika, mu mzinda wa Chipata, ndipo pafupifupi tsiku lililonse ndimakwera njinga ya kabaza popita ku Saturday Market. Amene amandinyamula ndi bambo wachikulire, wa ana asanu, amene wapalasa njinga zaka zoposa khumi. Pakaliyala anaikapo khushoni yosokedwa ndi nsalu yachitenje, ndipo pampu amaimangirira ndi mphira pansi pa chishalo. Lachiwiri lapitali thiraki inatipanikiza m'mbali mwa mseu mpaka tayala lakutsogolo linalowa mu ngalande. Bambowo anatsika, nawongola handulo ndi maondo, nandifunsa kuti, "Mayi, simunapweteke?" Iwo chala chikutuluka magazi.

Chimene chandiwawa n'chakuti nkhani ya mayendedwe osawononga chilengedwe ikamakambidwa, anthu ngati bambo amenewa samveka. Boma la Zambia linatulutsa ndondomeko ya mayendedwe mu 2019, ndipo chaka chomwecho panatulukanso pulani ya oyenda pansi ndi okwera njinga. Mu bajeti ya 2024 linachotsa msonkho wa pa malire pa magalimoto ndi njinga zamoto zoyendera magetsi. Zonsezi ndikuziyamikira. Koma chaka chomwecho madzi anachepa ku damu la Kariba kumene amapangira magetsi, malaiti ankazima tsiku lathunthu, ndipo ngakhale foni tinkatchajitsa kwa eni sola. Galimoto yamagetsi ndi ya mawa, ndiponso ya ochepa. Njinga ndi ya lero. Siimwa petulo, siitulutsa utsi, ndipo imanyamula matumba a chimanga, nkhuku, ana asukulu ndi odwala.

Ife a kum'mawa njinga si yachilendo. Akuluakulu amakumbukira fakitale ya Luangwa Industries imene inkamanga njinga za Eagle muno muno. Chipata inakhala mzinda mu 2017, magalimoto anachuluka, mathiraki opita ku malire a Mwami amadutsa pakati pa tawuni, mahonda (njinga zamoto) nawo adzaza paliponse. Wa njinga ndiye akukankhidwira kungalande.

Choncho ndikupempha unduna wa zamayendedwe, a RTSA (bungwe loona za mayendedwe ndi chitetezo cha pamseu) ndi khonsolo yathu kuti akamati akufunsa maganizo a okhudzidwa, abwere pa siteji ya kabaza ku Kapata, nthawi ya masana pamene makasitomala achepa. Msonkhano uchitike m'Chinyanja, pansi pa mtengo, osati mu holo ya hotela imene munthu wovala patapata amaopa kulowamo. Wa kabaza kusiya ntchito tsiku lonse ndiye kuti kwawo agona ndi njala, nayenso aganiziridwe. Aitanidwenso amayi osenza tomato m'mamawa, ndi anzathu oyenda pa njinga za olumala.

Anthu amenewa adzakuuzani ngodya iliyonse imene imapha, malo amene madzi amadula njira nthawi ya dzinja, ndi pamene pakufunika mahampu ndi nyale. Sadzapempha zambiri: kanjira kawo kolekanitsidwa ndi mseu wa magalimoto, poimika njinga pamthunzi, ndi zonyezimira zovala usiku. Zina mwa izi ndalama za CDF, thumba la boma la chitukuko cha m'madera a aphungu, zingakwanitse, makomiti a chitukuko a m'mawodi atazikankhira patsogolo.

Bambo aja mawa lake anabwera pa nthawi yake, chala atachimanga ndi kansalu. Ndinawafunsa ngati anaitanidwapo ku msonkhano uliwonse wokamba za miseu. Anapukusa mutu, nati ndikhale bwino tinyamuke.