Mwayambanso kufunsa kuti “kwawo n'kuti?”

Loweruka lapitali ndinatsikira kudoko kukagula kambuzi, ndipo ndinabwerako mtima ukuwawa. Pansi pa mtengo wa mango pomwe anyamata amasokera maukonde, nkhani inali ya mphunzitsi wina wopuma amene akuti akufuna kudzaimira ukhansala. Bamboyu wakhala kuno kwa Chimwala, ku Mangochi, zaka zoposa 30, anakwatira konkuno, mwana wake woyamba tinamuika m'manda athu omwewa. Ndiye mphwanga weniweni, mwana wa mlongo wanga, chingwe chili kukamwa, osadzutsa n'komwe mutu, akuti: “Amalume, ameneyo ndi mbwenumbwenu. Akaime kwawo. Ife tivotera wathu.” Anzake onse m'manja wawawa! Wina n'kuwonjezera kuti mayi uja anaganizako zoima ulendo watha nayenso sakanamupatsa voti chifukwa ndi mkaladi, khungu lake si lathu.

Ndinamufunsa mphwangayo kuti, iwe, anakugwira dzanja kukuphunzitsa kulemba dzina lako ndani? Anangoti zii, maso pa ukonde.

Anthu inu mwatani kodi? Namwino amene anachezera usiku wonse mkazi wako ali pa matenda aakulu, unayamba wamufunsa mtundu wake? Usipa wako ukamautumiza ku Limbe kapena ku Lilongwe, umauza woyendetsa lole kuti agulitse kwa Ayao okhaokha? Ndalama ya Mlomwe umaikana? Nanga bwanji ukangolowa m'kachipinda kovotera, bolopeni ili m'manja, nzeru zonse zimathawira ku dzina la agogo a munthu? Ndipo inu nomwe mukutchula anzanu mbwenumbwenu kapena Anguru, wina akakutchulani Achawa m'basi mumafuna kuvula malaya. Chikuwawa kwa inu, kwa mnzanu chikoma?

Matendawa si a lero, ife tinawaona akuyamba. Pa 17 May 1994 tinapanga mizere kusanache, tikusangalala kuti chipani chimodzi chatha. Zotsatira zitatuluka dziko linaoneka ngati nsalu yong'ambidwa patatu: kumpoto Chakufwa Chihana, pakati Kamuzu Banda, kummwera Bakili Muluzi. Kuno tinavina, ine ndemwe ndinavina, tikuti wathu walowa. Analamulira zaka 10. Kenaka Joyce Banda, Myao mnzathu wa ku Zomba, anakhalapo kuyambira 2012 mpaka 2014. Mlatho wa pa Shire ulipo, sindikukana. Koma kafunseni wa ku Makanjira kuti kwa zaka zonsezo mvula ikagwa amafika bwanji pa boma ndi wodwala. Chambo cha m'Malombe chinabwerera chifukwa pampando panali wopemphera ngati ife? Kamuzu anakhala zaka 30, kodi mlimi aliyense wa fodya ku Kasungu anamanga ya malata? Wothyola tiyi ku Thyolo analeka kuthyola chifukwa Bingu anali wa kwawo? Amene amadya ndi achibale a m'nyumba ndi anzawo a pa tebulo. Iwe wa mtundu wake amakusiyira tisheti ndi chitenje, basi, n'kudzakukumbukira pakatha zaka 5.

Chimene chikundiopsa kwambiri ndi choti mukusewera ndi moto pafupi ndi udzu wouma. Mu 1989 aphunzitsi ochokera kumpoto analamulidwa kubwerera kwawo. Tinawaona akumanga mitolo, ena kusiya akazi ndi ana, makalasi n'kutsala opanda munthu. Anavutika ndani, si ana athu? Chisankho cha 1999 chitatha, mizikiti inatenthedwa kumpoto, Asilamu osalakwa akulipira mkwiyo wa voti. Mu 2003 konkuno ku Mangochi matchalitchi anaphwanyidwa, anthu omwera chitsime chimodzi n'kumayang'anana ndi diso lofiira. Ku Kenya, chisankho cha 2007 chitatha, anthu oposa 1,000 anaphedwa, ambiri chifukwa cha mtundu wawo basi. Mukuganiza kuti kumeneko zinayamba ndi zikwanje? Zinayamba ndi pakamwa, ndi mayina achipongwe ngati omwe mukutumizirana pa WhatsApp usiku wonse mukuseka. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Mumakonda kutchula Masauko Chipembere kuti ndi mwana wa kuno, ngwazi ya ku Malindi. Zoona. Koma mu 1964, pamene nduna zinatsutsana ndi Kamuzu, iye anaima ndi yani? Si Kanyama Chiume, Orton Chirwa ndi Yatuta Chisiza, onsewo a kumpoto? Akanakhala ndi maganizo a pansi pa mango aja, bwenzi atangokhala phee pa unduna wake. Inu mukumutamanda pakamwa, zochita zanu zikumulavulira.

Ngakhale masamu enieniwo akukutsutsani. Kuyambira pamene khoti linafafaniza chisankho cha pulezidenti cha 2019, pa 3 February 2020, wofuna utsogoleri wa dziko ayenera kupeza mavoti opitirira theka. Kalembera wa 2018 anapeza kuti Achewa, omwe ndi ochuluka kuposa onse, ndi pafupifupi 34 pa 100 alionse, Alomwe 19, Ayao 13. Ndi mtundu uti ungalowe wokha? Andale akudziwa zimenezi, n'chifukwa chake usiku amadyera limodzi n'kugawana mipando, masana n'kubwera pa bwalo la sukulu kudzakuuzani kuti uyo si wanu. Inu n'kumagendana, iwo ana awo akukwatirana.

Akuluakulu anzanga, inunso mlandu ulipo. Ena mwa inu munali pompo pa bawo, munamva zonse, munangomwetulira n'kupitiriza kutakata. Mafumu, mashehe, abusa, mwana akamanyoza mlendo pamaso panu inu n'kukhala chete, waphunzira kwa yani? Si inu munatiphunzitsa kuti mlendo ndi amene amabwera ndi kalumo kakuthwa? Ngati mphunzitsi uja ndi wakuba, nenani chomwe anaba. Ngati ndi waulesi, tchulani tsiku lomwe anathawa kalasi. Koma zoti amayi ake amayankhula Chitumbuka, umenewo ndi mlandu?

Iwe mphwanga, ndikudziwa uwerenga izi pafoni yako, ndi maso omwe anakutsegula bambo yemweyo. Upite ukawapepese. Ndipo mawu aja ndisadzawamvenso pakhomo panga.