Anyamata a ku Joni, munabwerera nyaope kodi?

Loweruka lapitali ndinapita ku Park Station kukapereka katundu kwa a basi kuti akasiye kwa mlongo wanga ku Balaka. Potuluka, cha ku Joubert Park, wina anandikoka malaya. Ndinagwira msanga thumba la foni poganiza kuti ndi mbava. Kenako ndinamva mawu a kwathu: "Malume, mwandiiwala?"

Ndinachita kumuyang'ana kawiri. Mwana amene ndinamulandira ndekha pa siteji yomweyo zaka zitatu zapitazo, atanyamula chikwama chimodzi ndi kajumbo ka usipa kochokera kwa amayi ake. Anali mnyamata wojintcha, waulemu, wa satifiketi yake ya Fomu 4. Lero milomo yauma gwa, yada ngati makala, nsonga za zala zapserera, maso alowa m'kati, thalauza wamanga ndi waya. Akukoka chithumba cha zitini ndi mabotolo, thukuta lili kamukamu chonsecho kunja kukuzizira. Sanafunse za kumudzi, sanafunse ngati mayi ake ali moyo. Anangoti, "Malume, R20 yokha, m'mimba mukundipotokola." Ndinati tiye ndikugulire chakudya. Anapukusa mutu, n'kutembenuka, n'kumapita.

Kuyambira tsiku limenelo tulo sindikutiona. Kodi anyamata inu mwatani? Makolo anu anagulitsa mbuzi, ena anapinyolitsa dimba, ena anatenga katapila kuti mupeze pasipoti ndi ndalama ya basi. Munapirira Mwanza, Tete, Nyamapanda, munagona pa mzere ku Beitbridge miyendo itatupa. Zonsezo kuti mudzagone pa makatoni pansi pa mlatho? Kumudzi akudikira malata, inu mukudikira wogulitsa ufa pa kona ku Hillbrow?

Musandiuze zoti ndi chamba chabe. Chamba timachidziwa ife, cha ku Nkhotakota chomwe, ndipo amene chinawazunguza mitu tinawaperekeza ku Zomba tikuona. Koma ndudu imene mnzako wakupichirira kuno, unaona chimene wathiramo? Nyaope ndi heroin wosakaniza ndi chamba, ndipo wogulitsa amawonjezeramo ufa uliwonse umene waupeza kuti katundu achuluke. Ndudu yoyamba salipiritsa. Salipiritsa chifukwa akudziwa kuti thupi likangozolowera udzabwera wekha, m'bandakucha, ukuthamanga. Poyamba umasuta kuti usangalale. Pakapita masabata umasuta kuti m'mimba musiye kupotokola, mafupa asiye kuphwanya, chimfine ndi kunjenjemera zileke. Kapaketi kamodzi sikakufikitsa madzulo. Ndalama ya ganyu ikatha imapita foni, kenako simbi ya mlongo wako amene anakusunga, ketulo, silinda ya gasi, nsapato za mlamu wako, mpaka mawaya a magetsi ndi mipope ya eni nyumba, zonse ku sikelo ya ogula zitsulo. Eni dera akakugwira, ukuganiza adzafunsa kaye kuti ndiwe mwana wa yani? Ndipo mkwiyo wawo umathera pa iwe wekha? Sutigwera tonse olankhula Chichewa?

Ena mwaphunzira kuyankha mwamwano kuti kuno n'zololedwa. Zololedwa ziti? Khoti lalikulu loona za malamulo, lomwe lili pa Braamfontein pompa, linanena mu 2018 za munthu wamkulu wosuta chamba payekha kwake. Silinanene za heroin. Silinanene zoti muziyenda ndi timapaketi m'sokosi kutumikira mabwana amene ngakhale mayina awo enieni simuwadziwa. Mukagwidwa, bwanayo adzabwera kudzakuonani kundende ya Sun City?

Nanga inu alonda amene mukusuta tik, mankhwala osokoneza bongo otchedwanso crystal meth, ati kuti musagone pa ntchito? Masiku atatu osatseka chikope, kenako mukuona anthu m'makoma, mukumenya akazi anu popanda chifukwa. Nanga inu atsikana amene mukuthira mankhwala a chifuwa m'botolo la zoziziritsa kukhosi n'kumajambula pa TikTok? Nanga izi mukuti bluetooth, kupopa magazi a mnzako amene wangodzibaya kumene n'kudzibaya nawo iwe? Magazi a munthu! Maliro onse a Edzi amene tinaika m'midzi mwathu muja sanakuphunzitseni kanthu?

Mwaiwala kale Usindiso? Pa 31 Ogasiti 2023 nyumba ija inapsa ku Marshalltown, anthu 76 anafa, Amalawi anzathu ali momwemo. Pamaso pa komiti ya Khampepe yofufuza za motowo munthu anaima n'kunena ndi pakamwa pake kuti usiku umenewo anali atasuta tik, ndipo anayatsa motowo pofuna kubisa mtembo wa munthu amene wogulitsa mankhwala wa m'nyumbamo anamutuma kuti amuphe. Tinalira, tinasonkha, ena tinalumbira. Lero mwana wa kwathu akulandirabe ndudu kwa munthu amene wangokumana naye pa renki.

Ndipo akuluakulu anzanga, musaganize kuti ndakusiyani. Foni ya R3,000 mukuigula R200 kwa mnyamata amene akunjenjemera pakhomo panu, mukuganiza waitenga kuti? Ndalamayo akupita nayo kuti? Mwana wayamba kusowetsa zinthu m'nyumba, kugona usana, kusasamba, inu n'kumati amulodza kumudzi chifukwa cha nsanje ya ku Joni. Ma randi mukutumiza kwa sing'anga, mwanayo akutha mukuona. Ena mumangomuthamangitsa usiku n'kutseka chitseko, basi nkhani yatha. Bungwe la SANCA, lothandiza anthu kusiya mowa ndi mankhwala osokoneza bongo, lilipo mu Johannesburg muno, zipatala za boma zilipo, alipo mankhwala amene madokotala amapereka kuti munthu asiye heroin pang'onopang'ono. Ndani wa inu anamugwirapo mwana dzanja kupita naye kumeneko? Mwana wa mnzako ngwako yemwe timangonena pa maliro pokha?

Inenso mlandu ndili nawo. Chaka chathunthu mayi ake akandiimbira ndinkati ali bwino, ntchito ndiyo ikuvuta, chonsecho mphekesera ndinali nditazimva. Lamulungu ndinawaimbira n'kuwauza zoona. Anakhala chete nthawi yaitali, kenako anati, "Achimwene, mundipezere mwana wanga, ngakhale abwere chimanjamanja." Mawa ndikubwerera ku Joubert Park kukamufuna.

Tatopa ndi mauthenga a pa WhatsApp oti tisonkhe ndalama yotumizira bokosi kumudzi, la mwana wa zaka 24 amene anabwera kuno akuyenda ndi miyendo yake. Ndipo iwe amene unamupichirira ndudu yoyamba ija, ndiwe wa kwathu konkuja, mayi ako amatunga madzi pa mjigo umodzi ndi mayi ake. Ndikukudziwa. Uchite manyazi.